Mzere Wofiira wa Che Yusufu

Dzulo tinachita arubaini ya Che Yusufu. Masiku makumi anayi atha chiwaikire m'manda, ndipo anthu anadzaza pabwalo la nyumba yawo kwa Mponda mpaka ena kukakhala pansi pa mango a anansi. Atcheya a bungwe lathu anaimirira n'kunena kuti Mangochi wataya katswiri. Ine ndinali kumbali ya azimayi ndikutsuka mbale, ndipo nditamva mawu amenewo mbale inandipulumuka m'manja. Katswiri! Pakamwa pomwepo ndi pamene panatuluka mawu akuti mkuluyu wakalamba, akapume, zaka ziwiri zapitazo. Sindibisa, ndikulemba izi ndili ndi mkwiyo. Ndakwiyira atcheya, ndakwiyira Rashidi mwana wa mlongo wa atcheyawo, koma amene ndamukwiyira kwambiri ndine mwini.

Che Yusufu ankapanga mawebusaiti, ndipo ine ndinakhala nawo chipinda chimodzi zaka zisanu ndi zitatu, kuseri kwa sitolo ya simenti pafupi ndi msika wa pa boma. Ntchito tinagawana chonchi: ine mawu ndi zithunzi, iwo maonekedwe. Tsamba lililonse la pa intaneti limakhala ndi mafayilo amene amalamula kuti chilembo ichi chikule bwanji, mzere uwu ukhale wamtundu wanji, chithunzi chikhale pati foni ikakhala yaing'ono. Mafayilo amenewo timawatcha CSS. Che Yusufu ankangoti zovala. Ndikamaliza kulemba ankati ndiwapatse mwanayo amuveke.

Sankanena choncho pofuna kuseketsa anthu. Iwo anali telala kale. Anabwera kuno ali mnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, analowera pa Chiponde ndi mayi awo ndi mutu wa makina osokera atakulunga m'chitenje. Anasoka pakhonde la msika mpaka imvi zinayamba. Makompyuta anakumana nawo mwangozi: mwini kafe ya intaneti anawapempha kuti asoke nsalu zovundikira makina ake chifukwa cha fumbi, iwo n'kumachedwa dala poyeza, maso ali pagalasi. Pamene ndinkawadziwa ine, laputopu yawo inali pa tebulo lomwelo la makina osokera, mutu wa makinawo ataugwetsera m'kati. Akamaganiza, phazi linkapalasa chopondera cha makinawo, gudumu n'kumazungulira lopanda lamba. Ukamva kuti kwi-kwi-kwi, udziwe kuti si nthawi yowafunsa kanthu. Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi, ngakhale panalibe choyeza.

Zovala zawozo ankazisunga m'foda imodzi, mafayilo khumi ndi awiri, iliyonse ndi ntchito yake. Ya mitundu payokha, ya zilembo payokha, ya mutu wa tsamba, ya zithunzi, ya mabatani, choncho. Mtundu uliwonse unkalembedwa kamodzi kokha, m'fayilo ya mitundu, ndipo mafayilo ena onse ankangoitana dzina lake. Ankati telala amene amasiya ulusi paliponse m'nyumba amatha tsiku akufunafuna, ndipo tsiku lina amasoka malaya oyera ndi ulusi wakuda. Mayina nawonso anali ndi lamulo. Chinthu sankachitchula ndi mmene chikuonekera, koma ndi ntchito yake. Mzere wochenjeza anthu sankautcha wofiira, ankautcha chenjezo, chifukwa mawa mwini tsamba akhoza kufuna mtundu wina koma ntchito ya mzerewo sisintha.

Pamwamba pa fayilo iliyonse ankalemba kakalata m'Chichewa, kosaoneka patsamba, kongoonekera munthu amene watsegula khodi, malamulo olembedwa m'fayilomo. Onse ankayamba mofanana: iwe amene udzatsegule fayilo iyi ine kulibe. Kenako ankafotokoza zili m'menemo ndi zosayenera kukhudza. Ndinkawaseka kuti akulemba wilo masiku onse. Iwo ankati munthu amene amagwira ntchito ngati sadzafa amasiyira anzake chitsotso.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Anali wamakani, komanso wochedwa moti makasitomala ena anathawa. Mwini loji ina ya kunyanja anafuna tsamba m'masiku atatu, iwo anatha masiku awiri akungosanja mafayilo opanda kanthu m'kati. Tinakangana kosawerengeka. Tsiku lina iwo ali kumzikiti ku mapemphero a Juma, mayi wina wogulitsa chambo chouma anaimba foni kuti mitengo ya nsombazo patsamba lake ioneke yobiriwira. Ine ndinangolemba mtunduwo pamzere pomwepo, osapita ku fayilo ya mitundu, zinthu n'kutheka m'mphindi imodzi. Atabwera anaziona asanavule n'komwe nsapato.

"Abiti Jafali, ndani wasoka chigamba ichi?"

"Ndine, Che. Kasitomala amafulumira. Komanso zikuoneka bwino, onani."

"Zikuoneka bwino lero. Chaka chamawa mayiyu akadzafuna mtundu wina, ndidzasintha m'fayilo ya mitundu, tsamba lonse lidzamvera, mzere wanuwu wokha udzakana. Ndidzaufuna kuti? Somolani."

Ndinasomola, ndikung'ung'udza. Tsiku lonselo sitinalankhulane, mpaka madzulo anandigulira mandasi awiri n'kuwaika pa kiyibodi yanga.

Koma chimene ankadana nacho kuposa zonse ndi kalamulo kena kamene timalemba kuti !important. Ukakaika pamzere wa khodi, mzerewo umagonjetsa malamulo ena onse, kaya analembedwa kuti. Iwo ankakatcha nkhonya. Ankati munthu amene waponya nkhonya m'nyumba wavomera kuti mawu amuthera, ndipo wobwera pambuyo pake adzafunika nkhonya yaikulu kuposa yoyambayo, mpaka nyumba yonse izingolankhula ndi zibakera. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinaone akuilemba ngakhale kamodzi.

Chizolowezi china chinali cha dzuwa. Anali ndi kafoni kotchipa kong'ambika galasi, ndipo tsamba lililonse lisanatuluke ankadikira masana, dzuwa la Mangochi lili paliwombo, n'kutuluka nako pakhonde. Ankaima pakona pamene palibe mthunzi, atatambasula mkono, akutsinzina diso limodzi. Onyamula simenti ankawaseka kuti agogo akujambula dzuwa. Iwo ankati anthu athu sawerenga ali muofesi yozizira, amawerenga ali padepoti, pamsika, pa njinga, ndipo chilembo chosaoneka padzuwa sichinalembedwe.

Ntchito imene ankainyadira kwambiri inali tsamba la bungwe la anthu akwathu. Anthu a kuno anamwazikana, ena ku Joni, ena ku Lilongwe, ena tsidya la malire, ndiye bungwe linafuna malo amodzi oikapo mauthenga: maukwati, masiku a sadaka, makamaka maliro. Ife Asilamu sitigoneka maliro. Munthu akamwalira m'mawa, pofika madzulo amakhala ataikidwa, choncho ola limodzi ndi nkhani yaikulu. Anthu anazolowera kuti kukagwa zovuta, mumangotumiza linki ya tsambalo m'magulu a pafoni, aliyense aziwerengera yekha. Che Yusufu anapangira maliro fayilo yakeyake, ya khumi ndi chiwiri: pepala loyera, zilembo zakuda zikuluzikulu, ndipo nthawi ikasintha, mzere wa chenjezo wa zilembo zonenepa, wofiira ngati magazi, pamwamba pa uthenga. M'kakalata ka pamwamba analemba kuti fayilo iyi si yokongoletsa, ngakhale pa chikondwerero.

Ndiye kunabwera Rashidi, munthu wamkulu ndithu wa ndevu zake, kuchokera ku Blantyre ndi mapepala a sukulu ya makompyuta. Amalume ake, atcheya, anamupatsa pasiwedi ya tsamba osatiuza. Kutatsala sabata kuti tidye Idi anabwera kuchipinda kwathu ndi laputopu yaikulu, n'kutionetsa zimene anachita. Mafayilo khumi ndi awiri aja anawathira pamodzi n'kukhala fayilo imodzi, makalata onse a pamwamba atafufuta. Anati tsamba lizitseguka msanga. Pamenepo anali ndi mfundo pang'ono, ndipo Che Yusufu anavomera kuti kuphatikiza potumiza si tchimo, bola pokonza uzikonzera m'mafayilo olekana. Rashidi anaseka.

"Madala, zimenezo ndi za kale. Mafayilo thwelofu a chiyani patsamba laling'ono ngati ili? Si shopu ya telala ino."

"Fayilo ya maliro mwaiika pati?"

"Zonse zili momwemo. Osadandaula, ndazipanga ine."

Phazi la Che Yusufu linayamba kupalasa. Anapita kwa atcheya madzulo omwewo kukadandaula, atcheya anati achinyamata apatsidwe mpata. Chimene Rashidi sanatiuze n'chakuti kumapeto kwa fayilo yakeyo anawonjezera mzere umodzi wokongoletsera Idi: zilembo zonse zonenepa patsamba zikhale zagolide. Ndipo pofuna kuti pasapezeke chomutsutsa, anaikapo nkhonya.

Patapita masiku awiri chidyere Idi, kunja kutangocha, kwa Mponda kunamwalira mayi wina wachikulire. Mwana wake wamwamuna, Amadu, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Chiponde. Ine ndinalemba uthenga: maliro aikidwa ikatha swala, pemphero lathu, ya chakumadzulo. Linki inayenda. Cha m'ma naini abale ndi ashehe anagwirizana zofulumiza chifukwa kunatentha koopsa, aike ikangotha swala ya masana. Anandiimbira foni, ndinawonjezera mzere wa chenjezo pamwamba monga mwa masiku onse. Che Yusufu kunalibe, anali kunyumba ya maliro. Maliro aliwonse a m'dera lawo ndiwo ankayeza ndi kung'amba sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro.

Ndinayang'ana palaputopu. Mzerewo unatuluka wagolide, osati wofiira. Ndinauona ndi maso angawa. M'chipinda mwathu muli kamdima, ndiye unkawerengeka bwinobwino, ndipo ndinati mumtima, ndi za Idi izi, zakongola. Kafoni kong'ambika kanali pomwepo patebulo pawo. Khonde linali mapazi asanu kuchokera pampando wanga. Sindinatuluke.

Amadu anatsegula tsambalo ali padepoti pa Chiponde, dzuwa likuswa mtengo. Golide papepala loyera, pagalasi la foni yotchipa, palibe chimene anaona. Anaona nthawi yakale, yakuda, yoonekera patali. Anadikira mlongo wake amene ankachokera tsidya lina kuti akwere njinga imodzi. Kumudzi aliyense ankayesa kuti mnzake wamuimbira, komanso si zonse zili patsamba? Anafika kwa Mponda anthu akubwerera kumanda, akusamba m'manja.

Mlandu unakambidwa pakhonde pa atcheya patapita masiku atatu. Amadu anakhala pansi, chipewa cha njinga chili pamiyendo, maso ali psuu. Sanafune chilichonse, ankangofuna kudziwa amene anamumana kuponya dothi m'manda a mayi ake. Rashidi analankhula nthawi yaitali, mawu ambiri achizungu, kuti khodi yakale inali yosokonekera, mafayilo ambirimbiri omenyana okhaokha, iye anangoyesa kupulumutsa zimene akanatha. Atcheya ankagwedeza mutu ngati akumva. Kenako anatembenukira kwa Che Yusufu.

"Tsambali analipanga ndani?"

"Ndine."

"Mzere wa chenjezowo anaukonza ndani?"

"Ndine. Koma ndinaukonza wofiira."

"Nanga unasanduka bwanji? Makompyuta salodzedwa, Che Yusufu."

 Iwo anayang'ana ine. Ndinali nditatsegula fayilo ya Rashidi dzulo lake, ndinali nditaupeza mzere wagolide uja ndi nkhonya yake, ndipo iwo ankadziwa kuti ndaupeza chifukwa ndinawaonetsa ndekha.

"Abiti Jafali, inu munaona chiyani?"

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo aliyense pakhondepo ankadziwa kuti Rashidi ndi mwana wa mlongo wa ndani. Ntchito zanga zambiri zinkachokera kwa atcheya ndi anzawo. Komanso ndikanati ndinene za golide, akanandifunsa kuti nanga iwe utauona unatani. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Ine za makhodi sindizidziwa bwino, Che. Ine ndi wa mawu chabe."

Zaka zonsezo ndili pambali pawo, akundiphunzitsa mzere ndi mzere, ndipo ndinanena zimenezo. Che Yusufu anangoti, "Chambone," mawu a Chiyao amene ankanena akamaliza ntchito n'kuipinda. Anadzuka, anapita pamene panali Amadu, anagwada ndi mawondo awo okalambawo n'kumupepesa. Atcheya ndi pamene ananena zoti mkuluyu akapume, ndipo tsamba lonse analipereka kwa Rashidi.

Mangochi ndi tauni yaing'ono. Sabata isanathe, pamsika ponse ankadziwa kuti telala uja wa makompyuta anaphonyetsa munthu maliro a mayi ake. Eni malo ogona alendo amene iwo ankawapangira mawebusaiti anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mwaulemu, aliyense ndi chifukwa chake. Kunyumba za maliro anayamba kuitana telala wina kudzang'amba sanda, ndipo ndikudziwa kuti chimenechi chinawapweteka kuposa makasitomala. Tsiku lina ndinafika kuchipinda n'kupeza atatulutsa mutu wa makina, atamanga lamba pagudumu, akusoka mayunifolomu a sukulu. Laputopu anaiika pashelefu. Lachisanu lililonse ankaitsitsa, n'kutsegula foda ya mafayilo khumi ndi awiri aja, amene anasunga kope lake, kukonza apa ndi apo, n'kutsekanso. Tsamba lake panalibe, anthu owerenga panalibe.

Ine sanandifunsepo za tsiku lija. Ankandipatsa moni mwaulemu, kufunsa za ana, kundisungira mpando pamthunzi. Koma sanakanganenso nane. Ndinayesa dala kulemba mtundu pamzere iwo akuona, kuti mwina andikalipire ngati kale. Anayang'ana, n'kubwerera ku yunifolomu yawo. Mandasi nawonso anatha. Kangapo ndinakonza mawu oti ndikanene kwa atcheya, kangapo ndinafika pageti n'kubwerera. Ndinkati ndidzanena zinthu zikazizira. Zinazizira ndithu, ndipo zitazizira ndinayamba kuona ngati kuzitenthetsanso n'kuvutitsa anthu.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, akuvala nsapato kuti abwere kuntchito. Mkazi wawo anandiimbira foni, ndipo uthenga wa patsamba unagwera ine, poti mawu ndimalembabe ndine. Ndinalemba dzina lawo, mudzi, ndi nthawi: ikatha swala ya chakumadzulo. Cha m'ma teni abale anasintha, aikidwa ikatha swala ya masana.  Ndinaika mzere wa chenjezo, ndinatenga kafoni kong'ambika kaja, ndinatuluka pakhonde n'kukaima pakona yawo.

Sunkaoneka. Pambuyo pa nkhani ya Amadu, Rashidi anaubwezera kufiira ndi nkhonya ina, koma zaka ziwirizi anakongoletsa tsamba kangapo, nkhonya pamwamba pa nkhonya, ndipo tsiku limenelo mzerewo unali wobiriwira motuwa ngati madzi a therere. Ndinamuimbira, foni sinayankhidwe. Ndinatsegula fayilo yake. Inali yaitali yosaona polekera, yopanda kakalata ngakhale kamodzi, mayina ake ongoti bokosi wani, bokosi thu, chatsopano, chatsopano chenicheni. Ndinafufuza kumene mtunduwo ukuchokera, ndikakonza apa, lamulo lina pansi likugonjetsa. Nthawi inkapita, ndipo anthu a ku Chiponde anayenera kunyamuka pasanathe ola. M'foda ya Che Yusufu ndikanatsegula fayilo imodzi, mzere wachitatu, basi.

Ndiye ndinachita zinthu ziwiri zimene anandiletsa moyo wawo wonse. Ndinalemba mtundu wofiira pamzere pomwepo, chigamba chenicheni, ndipo pamwamba pake ndinaikapo nkhonya. Ndinatulukanso padzuwa. Mzere unali wofiira, woonekera ngakhale utatambasula mkono. Nthawi ya maliro a Che Yusufu inafika kwa anthu ndi chibakera, cholembedwa ndi dzanja langa. Ndinakhala pansi pa matumba a simenti n'kulira mokweza, onyamula katundu atangoima.

Anthu anafika pa nthawi yake. Ife azimayi sitipita kumanda, koma ndinamva kuti Amadu anali mmodzi mwa amene ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, ndipo sanafune kulandiridwa mpaka pachipata cha manda. Dzulo pa arubaini ndinamupeza akumanga chipewa kuti azibwerera, ndinamuimitsa pambali pa njinga yake. Ndinamuuza zonse: za golide, za Rashidi, za ine kuona osatuluka pakhonde, za bodza langa pamlandu. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ine mkuluyu ndinamukhululukira kalekale," anatero. "Munthu wamkulu ngati uja kundigwadira. Ndiye mukundiuza kuti ndinakhululukira munthu wosalakwa?"

"Eya."

"Nanga mukundiuziranji ine, Abiti? Pakhonde paja munalipo. Pakamwa munali napo."

Analiza njinga n'kumapita. Galu wamkota sakandira pachabe, tinkawauza choncho anthu ena pokamba za Che Yusufu, koma tsiku limene anafuna mboni ine ndinati ndine wa mawu chabe, ndipo mawuwo sindinawatulutse.

Lero ndatsegula chipinda mochedwa. Tebulo lawo lili pomwepo pafupi ndi zenera. Pansi pa singano pali kabudula wa yunifolomu wosokedwa mwendo umodzi, mwini wake sanabwere kudzamufunsa. Tepi yoyezera mkazi wawo anaibweza, akuti kunyumba ikumuliza, ndiye ndaikoleka pamsana pa mpando. Chopondera chayamba dzimbiri pamene chidendene chawo chinkachisalaza. Laputopu ili pashelefu, ndipo ndinaitsitsa kamodzi n'kutsegula fayilo ya maliro. Kakalata kali pamwamba, akuuza amene adzatsegule iwo kulibe kuti asaope, chilichonse chili pamalo pake. Anakakonza komaliza Lachisanu lomwe lija asanamwalire.

Masana akakwana, pakona ya khonde pamakhala dzuwa lokhalokha. Onyamula simenti amadutsapo ndi matumba awo, ndipo ndaona kuti mpaka pano amapalambalala pang'ono, ngati pali munthu waima.